Kadontho ka pensulo pa chithunzi cha chigaza

M'chipindamo azimitsa magetsi, kuwala kwangotsala kwa kabokosi kali patebulo. Pagalasi la kabokosiko pagona filimu ya X-ray ya mutu wa mwana wojambulidwa cham'mbali, ndipo pamwamba pake amatapo ndi selotepi pepala lopyapyala loonetsa za kuseri. Dokotala wowongola mano wawerama, pensulo yosongoka ngati singano ili m'manja. Wayamba ndi malo osavuta. M'kati mwa chigaza muli kadzenje kooneka ngati chishalo cha njinga, ndipo pakati pa kadzenjeko waikapo kadontho n'kulemba S. Pamene fupa la mphuno limakumana ndi la chipumi walembapo N. Tsopano wafika pamalo pamene pamavutitsa aliyense. Pansi pa mphuno, pamwamba pa mizu ya mano akutsogolo, fupa limakhota n'kulowa m'kati, ndiye iye akufuna penipeni pamene lalowa kwambiri. Fupa la pamenepo n'lopyapyala, mthunzi wake umangosungunukira mu mthunzi wa mnofu wa tsaya. Watsinzina diso limodzi, waphimba mbali ina ya filimu ndi kakatoni kuti kuwala kusamuthobwe, kenaka wagunditsa pensulo. Kadontho kameneko dzina lake ndi A.

Mudikire masabata awiri, mumupatsenso filimu yomweyo ndi pepala latsopano. Kadontho ka A sikadzagwera pomwe paja. Kadzasuntha mwina ndi theka la milimita, mwina milimita yathunthu. Mnzake wa ntchito yomweyo mukampatsa, naye aika pakepake. Wina anganene kuti milimita n'chiyani, poti ngakhale njere ya mawere imaposa pamenepo. Koma kuchokera pa N kufika pa A pali mamilimita osakwana 60, choncho kadontho kakasunthira kutsogolo ndi milimita imodzi, ngodya yoyezedwa pamenepo imasintha ndi digiri imodzi. Pamene madigiri awiri kapena atatu ndi amene amasiyanitsa nsagwada zotchedwa zabwinobwino ndi zotchedwa zopita patsogolo. Pa manambala oterewa anthu akhala akuzulidwa mano anayi osabowoka, ena kuvala mawaya zaka ziwiri, ena mpaka kuchekedwa nsagwada. Luso loyeza mutu pa X-ray limatchedwa cephalometry, ndipo mbiri yake ndimaiona ngati mbiri ya anthu amene anapanga makina osaphonya, n'kudzazindikira mochedwa kuti kumapeto kwa makinawo kuli dzanja la munthu.

Kuyeza mitu kunayamba X-ray isanabwere, ndipo chiyambi chake si chonyaditsa. M'zaka za m'ma 1770, Petrus Camper, katswiri wa za thupi la munthu wa ku Netherlands, ankaphunzitsa akatswiri ojambula zithunzi za ngodya ya nkhope. Ankalemba mzere kuchokera pakhutu kufika pansi pa mphuno, wina kuchokera pachipumi kutsikira pa mano akutsogolo, n'kuyeza pamene mizereyo yakumana. Pa ziboliboli za Agiriki akale anapeza madigiri 100, pa azungu pafupifupi 80, pa anthu a ku Africa pafupifupi 70, pa anyani ochepera apo. Mwiniwakeyo ankakhulupirira kuti anthu onse ndi a mtundu umodzi, koma amene anadza pambuyo pake anatenga manambalawo n'kuwasandutsa makwerero, wina pamwamba wina pansi.

Ku Philadelphia kunali Samuel George Morton, dokotala amene anasonkhanitsa zigaza mazanamazana za anthu a mitundu yosiyanasiyana, ndipo mu 1839 anatulutsa buku lotchedwa Crania Americana. Iye ankafuna kudziwa kukula kwa malo a ubongo. Ankathira tinjere tating'ono m'chigaza mpaka kudzaza, kenaka n'kukhuthulira m'choyezera. Aliyense amene anagulapo chimanga cha pandowa akudziwa kale vuto lake. Ndowa yomweyo, chimanga chomwecho, koma wogulitsa akangothira mwaulemu osagwedeza, mupita kwanu ndi chochepa. Mukaigwedeza ndi kuitsendera, malo apezeka. Morton anaona yekha kuti chigaza chimodzi chikupereka manambala osiyana akachiyeza kawiri, ndiye anasiya njere n'kuyamba kuthiramo timipira ta mtovu, timene sititsendereka. Mu 1981 Stephen Jay Gould analemba kuti pa nthawi ya njere ija zigaza za anthu akuda zinkapimidwa moperewera kuposa za azungu, ndipo anaganiza kuti dzanja la woyeza linkatsatira zimene mtima unkafuna. Mu 2011 akatswiri ena anayezanso zigaza zambiri za Morton n'kupeza kuti miyeso yake ya mtovu inali yolondola ndithu. Mkanganowo sunathe. Chimene chikutikhudza pano n'chakuti funso lakuti "ukayezanso upeza zomwezo?" linabadwira pamodzi ndi ntchitoyi.

Panali vuto linanso. Chigaza chouma sichikhala chokha mowongoka, munthu amachita kuchikhazika, ndiye aliyense ankachikhazika mmene wafunira. Akatswiri a ku Germany anakambirana nkhaniyi pamisonkhano ingapo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 pamene anagwirizana ku Frankfurt: chigaza chizikhala moti pamwamba pa bowo la khutu ndi pansi pa dzenje la diso zikhale pamzere umodzi wopingasa. Mzere wa Frankfurt ulipo mpaka lero. Pa chigaza chogwirika ndi manja malo awiriwo n'ngosavuta, umangokhudza ndi chala. Tiona mmene zinakhalira mzerewo atausamutsira pa mthunzi.

Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray ku Würzburg mu November 1895. Patangopita zaka zinayi, Edward Angle wa ku America anagawa kusalumana bwino kwa mano m'magulu atatu, poyang'ana mmene mano oyamba otafunira a m'mwamba amakhalira pa anzawo a m'munsi. Angle ndi ophunzira ake ankagwira ntchito ndi zikombole za mano ndi zithunzi za nkhope. Zikombole zimaonetsa kuti mano sakulumana, koma sizinena ngati vuto lili pa manowo kapena pa fupa lowanyamula. X-ray ikanatha kuyankha, koma chithunzi chilichonse chinkatuluka mosiyana malinga ndi mmene mutu wapendekera ndi kutalika kwa pamene makina aima. Zithunzi ziwiri za mwana mmodzi sizikanayerekezeka.

Amene anakonza izi ndi B. Holly Broadbent wa ku Cleveland. Pa yunivesite ya Western Reserve panali T. Wingate Todd, mphunzitsi wa za thupi la munthu, amene anali ndi chipangizo chogwirira zigaza zouma kuti zisagwedezeke poyeza. Broadbent anatenga nzeru imeneyo n'kupanga chogwirira mutu wa munthu wamoyo. Mwana amakhala pampando, timitengo tiwiri timalowa m'makutu mwake, kachitsulo kena kamatsamira pamphuno pakati pa maso, ndipo makina otulutsa X-ray amamangiriridwa pa mtunda wosasintha wa mafiti asanu, kapena kuti masentimita 152.4, kuchokera pakati pa mutu. Mwanayo akabweranso chaka chamawa, amalowa m'chipangizo chomwecho mofanana ndendende, ndipo zithunzi ziwirizo zimatha kusanjikizidwa kuti pakaoneke pamene pakula. Analengeza njirayi mu 1931 m'magazini ya Angle Orthodontist. Chaka chomwecho Herbert Hofrath wa ku Düsseldorf analengeza njira yofanana nayo, aliyense atagwira payekha.

Ndalama za ntchito ya Broadbent zinachokera kwa mayi Frances Payne Bolton, amene pambuyo pake anakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya America, n'chifukwa chake kafukufukuyo amatchedwa wa Bolton. Ana masauzande angapo a ku Cleveland ankabwera kudzajambulidwa chaka ndi chaka, ambiri a iwo osadwala chilichonse. Lero palibe komiti yoona za kafukufuku ingalole kuti mwana wabwinobwino aziwombedwa X-ray kawirikawiri chonchi pongofuna kuona mmene akukulira. N'chifukwa chake mafilimu a ku Cleveland, ndi ena onga iwo a ku Burlington ku Canada, ku Michigan, ku Denver ndi ku Iowa, amasungidwa ngati chuma ndipo anawasamutsira pa kompyuta. Sadzapangidwanso. Ana a m'mafilimuwo pafupifupi onse ndi a makolo ochokera ku Ulaya, ndipo mfundo imeneyi tikumana nayonso.

Chipangizo cha Broadbent chinathetsa vuto limodzi n'kuulula ena. X-ray imatuluka pa kamalo kakang'ono n'kumamwazika, choncho mthunzi umakula kuposa mwini wake, monga dzanja limachitira pakhoma ukaliyandikiza ku nyali. Filimu ikakhala pa masentimita 15 kuchokera pakati pa mutu, chithunzi chimakula ndi pafupifupi 10 pa 100 iliyonse. Komanso mutu uli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyandikira filimu imakula pang'ono, yotalikira imakula kwambiri, ndiye m'munsi mwa nsagwada mumaoneka mizere iwiri, dzenje la diso limaoneka pawiri, ndipo wojambula ndi pensulo amangodutsa pakati. Nanga mzere wa Frankfurt uja? Bowo la khutu limabisika mu mthunzi wa fupa lolimba kwambiri la chigaza. Ambiri atatopa kulisaka anayamba kungoika kadontho pamwamba pa mthunzi wa kamtengo ka makina kolowa m'khutu kaja. Kamtengoko kamaoneka bwino, aliyense amakapeza, koma kamakhala mu mnofu, ndipo kangathe kutalikirana ndi fupa lenilenilo. Apa ndiye pali mtima wa nkhani yonse: chinthu chingathe kupezeka mosaphonya nthawi zonse koma chisali chimene ukuganiza kuti ukuyeza.

Nkhondo yachiwiri itatha, manambala anachuluka ngati bowa wa m'dzinja. Mu 1948 William Downs wa ku yunivesite ya Illinois anatulutsa ndandanda yoyamba ya miyeso ya nkhope yabwino. Anaipeza poyeza achinyamata 20 achizungu a zaka 12 mpaka 17, amene mano awo ankalumana bwino popanda chithandizo. Makumi awiri basi. Mu 1952 Richard Riedel anabweretsa ngodya zopangidwa ndi timadontho tija, ndipo mu 1953 Cecil Steiner anazifalitsa ndi manambala amene wophunzira aliyense wa ntchitoyi amaloweza mpaka lero: SNA madigiri 82, SNB madigiri 80, kusiyana kwake kotchedwa ANB madigiri 2. B ndi mnzake wa A pa nsagwada ya m'munsi, pamene fupa limalowa m'kati pakati pa mano ndi chibwano. Steiner anakonda mzere wa S ndi N kuposa wa Frankfurt poti timadontho take tili pakati pa mutu, sitioneka pawiri, ndipo sitisuntha kwambiri mutu ukapendekeka pang'ono. Iye analidi kuganizira za kuphonya.

Charles Tweed wa ku Tucson ndi amene anapatsa manambalawa mano. Anali wophunzira wa Angle, ndipo Angle ankadana ndi kuzula mano. Tweed ataona kuti odwala ake ambiri milomo yawo yatukuka ndipo mano akubwerera mwakale, anawayambiranso chithandizo atazula mano anayi a m'mbali. Anadzakhazikitsa lamulo lakuti dzino lakutsogolo la m'munsi liziima pa madigiri pafupifupi 90 pa mzere wa m'munsi mwa nsagwada. Kuti uyeze ngodya imeneyi uyenera kupeza nsonga ya muzu wa dzinolo. Pa filimu, mizu ya mano anayi akutsogolo imasanjikizana, ndi ya mano osongoka a m'mbali mwake imadzalowereranso. Dzinolo kutalika kwake ndi mamilimita opitirira pang'ono 20, moti ukaphonya nsonga ya muzu ndi milimita imodzi, ngodya yasintha ndi madigiri awiri ndi theka. Muyeso umene unkathandiza kugamula zozula mano unatsamira pa kadontho kovuta kuposa pafupifupi tonse.

Sikuti panalibe ochenjeza. Ku Scandinavia kunali mwambo woyeza kawiri. Mu 1940 Gunnar Dahlberg wa ku Uppsala analemba m'buku lake la masamu a madokotala njira yosavuta yodziwira kukula kwa kuphonya: yeza chinthu chilichonse kawiri, peza kusiyana kwake, kuchulukitse ndi iko komwe, phatikiza zonse, gawa ndi chiwerengero cha zinthuzo kuchulukitsa kawiri, kenaka peza sikweya ruti. Nambala yotulukayo imakuuza kuti dzanja lako limasochera ndi mamilimita angati. Madokotala owongola mano anaikumbatira njirayi moti dzina la Dahlberg limapezekabe m'malipoti awo a lero. Pali chinthu chimene chimandisangalatsa pa munthuyu. Iye anali mkulu wa bungwe la boma la Sweden lofufuza za mitundu ya anthu, limene woyamba kulitsogolera ankayendayenda kuyeza mitu ya anthu otchedwa Asami pofuna kusanja mitundu. Dahlberg atalowa pampandowo chapakati pa zaka za m'ma 1930 anatsutsa poyera maganizo a tsankho amenewo. Munthu amene anaphunzitsa oyeza mitu kukayikira dzanja lawo ndi yemwenso anakayikira cholinga chimene ankayezera.

Arne Björk, wa ku Sweden koma wogwira ntchito ku Copenhagen, anapita patali kuposa apo. M'zaka za m'ma 1950 anayamba kukhomera timisomali ting'onoting'ono ta chitsulo m'nsagwada za ana, n'kumawajambula chaka ndi chaka. Kamsomali sikakula, sikasuntha m'fupa, ndipo pa filimu kamawala mosakayikitsa. Atasanjikiza zithunzi pa timisomalito anaona chimene palibe anachionapo: nsagwada ya m'munsi imazungulira pamene ikukula, koma m'mphepete mwake fupa limadyeka kwina n'kumawonjezereka kwina, moti kuzungulirako kumabisika. Mzere wa m'munsi mwa nsagwada, umene aliyense ankauyesa maziko osagwedezeka, unali ngati gombe la mtsinje, lokokoloka uku likumangika uko. Ukanatha kuujambula mosaphonya chaka chilichonse, n'kunamizidwabe.

Koma ntchito imene inaika kadontho penipeni pa mlandu inatuluka mu 1971. Sheldon Baumrind ndi Robert Frantz a ku yunivesite ya California ku San Francisco anachita chinthu chooneka chachibwana. Anapatsa anthu angapo ophunzitsidwa mafilimu omwewo kuti aliyense aike timadontho payekha, kenaka anasonkhanitsa timadontho tonse ta malo amodzi papepala limodzi. Anapeza kuti kuphonya n'kwakukulu kosati n'kunyalanyazidwa, kuti kumasiyana kwambiri malo ndi malo, ndiponso kuti malo aliwonse ali ndi kaphonyedwe kakekake. Timadontho sitimwazika mozungulira ngati mpunga wotayika pansi. Pamene fupa lili ndi nsonga yakuthwa, monga m'mphepete mwa dzino, timaunjikana. Pamene fupa limakhota pang'onopang'ono, timandandalika motsatira kukhotako. Timadontho ta A ndi B timatsetsereka chokwera ndi chotsika, pamene ta pansi pa chibwano timatsetsereka chakutsogolo ndi chakumbuyo. Pa ngodya ya nsagwada pansi pa khutu, ndi pa nsonga ya muzu wa dzino la m'munsi lija, m'pamene timabalalika kwambiri.

Phindu la zimenezi n'lakuti munthu angathe kudziwiratu muyeso woti aukhulupirire. Kadontho kakamatsetsereka motsatira mzere umene ukuyezedwa, ngodya siisintha kwenikweni. Kakamatsetsereka modula mzerewo, ngodya imasokonekera. Choncho funso silikhalanso lakuti dokotala uyu ndi waluso kapena ayi. Fupa lenilenilo lili ndi malo amene sapereka yankho limodzi, ndipo matanthauzo a m'mabuku, monga akuti "pamene palowa kwambiri," amasiya mpata woti anthu awiri oona mtima asiyane. Baumrind ndi Frantz analangiza kuti pa kafukufuku filimu iliyonse izijambulidwa kangapo ndi anthu osiyana, n'kutenga pakatikati. Mutu umodzi susenza denga, koma pachipatala chodzaza odwala ndani ali ndi nthawi yojambula filimu imodzi kanayi? Ambiri anapitiriza kujambula kamodzi, n'kumalemba zotsatira mpaka kachigawo kakhumi ka digiri.

Mu 1983 William Houston wa ku London analemba nkhani imene inasanja maganizo onsewa, ndipo ofufuza amaitchulabe. Anasiyanitsa kuphonya kwa mwangozi, kumene lero kumagwera uku mawa uko, ndi kuphonya kopendekera mbali imodzi. Kwa mwangozi kumachepa ukabwereza kuyeza n'kutenga pakatikati. Kopendekera mbali imodzi sikuchepa ngakhale ubwereze kakhumi. Alimi amakudziwa bwino: sikelo ya venda yokonzedwa kuti izidya makilo awiri pa thumba lililonse imapereka nambala yomweyo ukapachika thumba kasanu, ndipo kusasinthako sikuichititsa kukhala yoona. Pa X-ray kupendekera kotere kumalowa m'njira zambiri. Makina a chipatala china amakulitsa chithunzi kuposa a chipatala china. Woyeza amasintha kaonedwe kake miyezi ikamapita. Ndipo choopsa kwambiri n'chija ankaganiziridwa nacho Morton: ukadziwa kuti filimu iyi ndi ya mwana amene wavala chipangizo chimene umachikhulupirira, pensulo imapendekera yokha kumene ukufuna. Mankhwala ake ndi kusakaniza mafilimu ndi kubisa mayina kuti woyeza asadziwe kuti ndi ya gulu liti. Patapita zaka zitatu, Martin Bland ndi Douglas Altman anakumbutsa madokotala onse m'magazini ya Lancet kuti miyeso iwiri ingathe kukwera ndi kutsika limodzi bwinobwino koma isakugwirizana, monga marula awiri amene imodzi inaduka kumapeto.

Zimenezi zili ndi kanthu chifukwa zambiri zimene madokotala owongola mano amakanganirana ndi zazing'ono. Kodi chipangizo chokankhira nsagwada ya m'munsi kutsogolo chimakulitsadi fupa, kapena chimangopendeketsa mano? Kusintha kumene amakusaka pa fupa kumakhala milimita imodzi kapena ziwiri, kukula kofanana ndi kuphonya kwa pensulo. Pa gulu la ana ambiri, masamu amatha kulekanitsa ziwirizi. Pa mwana mmodzi wokhala pampando, dokotala akaona kuti ANB yatsika ndi digiri imodzi, sangalumbire kuti ndi nsagwada yasuntha osati dzanja lake.

Kumwera kuno kwa Africa kunachokeranso liwu pa nkhaniyi. Alex Jacobson wa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg anaona kuti ANB imatha kunama ngakhale timadontho tonse titaikidwa bwino. N akakhala patsogolo kapena pambuyo kuposa mwa anthu ambiri, kapena nsagwada zonse ziwiri zikapendekeka, ngodyayo imasintha pamene nsagwadazo zikugwirizana chimodzimodzi. Mu 1975 anabweretsa njira yotchedwa Wits, dzina lachidule la yunivesiteyo. M'malo moyezera kutali pachipumi, amagwetsa mizere kuchokera pa A ndi pa B kufika pa mzere umene mano amalumanirana, n'kuyeza mpata wa pakati pake, umene pa nsagwada zogwirizana umakhala pafupi ndi ziro. Nzeru yabwino, koma inathawa mvula n'kulowa m'madzi. Mzere wa polumanira mano n'ngovuta kuupeza poti mano a kumanja ndi a kumanzere amasanjikizana, umasinthanso mano akamamera, ndipo ukangopendekeka pang'ono nambala ya Wits imalumpha. Madokotala ambiri lero amayang'ana zonse ziwiri, zikatsutsana amayang'ana nkhope ya mwanayo.

Tibwerere kwa achinyamata 20 a Downs ndi madigiri 82 a Steiner. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ofufuza anayamba kuyeza anthu akuda a ku America, a ku Japan ndi a ku China, kenaka a ku Nigeria, ku South Africa ndi kwina, onse a mano olumana bwino. Jacobson yemweyo anali mmodzi mwa oyeza anthu akuda a ku South Africa. Zimene zinkapezeka mobwerezabwereza n'zakuti mwa anthu ambiri a ku Africa nsagwada zonse ziwiri zimakhala patsogolo pang'ono, ndipo mano akutsogolo amapendekera kunja kuposa a m'ndandanda ya ku Illinois. Ukaika mwana wotere pa muyeso wa Steiner kapena wa Tweed, pepala limati pali chofunika kukonza, mwinanso mano ofunika kuzula, pamene mwanayo akungofanana ndi amayi ake ndi agogo ake. Apa timadontho tingathe kukhala tolondola mpaka kachigawo ka milimita, Dahlberg n'kuvomereza, Houston n'kuvomereza, koma chigamulo n'kukhala cholakwika, poti rula anaidulira pa nkhope ya wina. Ngodya ya Camper ija inabwerera pakhomo la kuseri itavala gawuni yoyera, ngakhale panalibe amene anaiitana dala.

Kompyuta inalowa msanga. Robert Ricketts ndi anzake anali atayamba kale kuigwiritsa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Poyamba munthu ankaika timadontho pa thabwa lamagetsi, makina n'kuwerengetsa ngodya. Zimenezo zinachotsa zolakwa za rula ndi za kachipangizo koyezera ngodya kaja ka m'bokosi la masamu, koma zimenezo zinali zolakwa zazing'ono kale. Filimu itasanduka chithunzi cha pa sikirini, dokotala anatha kuchikulitsa ndi kuchiwalitsa, komabe amene amasankha pogunda ndi munthu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ku Italy ndi ku Japan kunatuluka makina otchedwa CBCT, ojambula mutu mbali zonse, amene anathetsa vuto la kukula kwa mthunzi ndi la kusanjikizana kwa kumanja ndi kumanzere. Koma amapatsa mwana mphamvu ya X-ray yochuluka kuposa filimu imodzi ya cham'mbali, ndipo anabweretsa funso latsopano: malo amene ankatanthauzidwa pa mthunzi wafulati, monga ngodya ya nsagwada, ali pati pa fupa lozungulira mbali zonse?

Ntchito ina inali kuphunzitsa kompyuta kuika yokha timadonthoto. Mu 2014 ndi 2015, pamsonkhano wa akatswiri a zithunzi za chipatala wotchedwa ISBI, panachitika mpikisano. Mu 2015 magulu anagwiritsa ntchito zithunzi 400 zochokera ku Taiwan, chilichonse chili ndi malo 19 oti apezeke, ndipo kadontho kankawerengedwa kuti kakhoza kakagwera m'kati mwa mamilimita awiri kuchokera pamalo oyenera. Njira ya Claudia Lindner ndi Tim Cootes a ku Manchester ndi imene inapambana, ikukhoza pafupifupi timadontho titatu pa tinayi tilitonse. Mapulogalamu a pambuyo pake akhoza kuposa apo, ndipo ali ndi khalidwe limene munthu alibe: ukawapatsa chithunzi chomwecho kakhumi, amaika kadontho pamalo amodzimodzi kakhumi konse. Pa muyeso wa Dahlberg kuphonya kwawo ndi ziro. Pa sikelo ya venda ija, nayonso inali ziro.

Mamilimita awiri amene anavomerezedwa ngati malire, pa kadontho ka A, ndi madigiri awiri, kukula kwa ANB yense wa Steiner. Ndipo malo oyenera amene makompyuta ankapikisana kuwapeza sanachokere pa zigaza zouma kapena pa timisomali ta Björk tija. Madokotala awiri odziwa ntchito anakhala pansi, aliyense n'kuika timadontho take pa zithunzi zonse 400, ndipo pamene anasiyana, okonza mpikisano anatenga pakatikati pa awiriwo.